Uthenga wa pa foni unandiwotchera chimanga

 Mvula yayamba kugunda chakumapiri uko, aliyense ali kalikiliki kumalizitsa mizere, ndiye ndati ndisanatanganidwe ndikuuzeni nkhani imene ndakhala ndikuibisa chifukwa cha manyazi. Ena munaimva kale pachitsime kapena pabawo. Lero muimve kwa mwiniwake.

Munali mu Januwale 2024, chaka cha ng'amba chija. Chimanga changa chinali chitafika m'mawondo, feteleza wokulitsa nditathira kale, wangongole. Tsiku lina m'mawa ndikuyendera munda ndinaona masamba ali zibowo zokhazokha, ndipo mumtima mwa chimanga muli zonyansa zonga utuchi. Ndinadziwiratu kuti ntchemberezandonda zija zafika. Mukudziwa nonse kuti mbozi zimenezi, zimene alangizi amati fall armyworm, kwawo ndi ku America. Mu Africa muno zinaoneka koyamba mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linali litalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha izo. Kuyambira pamenepo sizinachokenso.

Ndalama ya mankhwala ndinalibe. Usiku womwewo pa gulu lathu la WhatsApp panabwera uthenga wautali. Unkati akatswiri a ku yunivesite apeza njira yophera mbozi popanda kugula mankhwala. Usakanize sopo wa ufa, mchere wodzaza manja ndi kabotolo ka parafini mu ndowa ya malita 20, upopere, mawa lake mbozi zonse ukazipeza zitafa. Kumapeto analemba kuti tumizirani ena, mupulumutse mlimi mnzanu.

Sindinafunse kuti yunivesite yake iti, akatswiri ake ndani. Mtima unali kumunda. Ndinatumiziranso mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene, amene amalima yekha ndi ana amasiye atatu. Ndinawonjezerapo mawu anga, ndikuti, “Alamu, chitani izi msanga, n'zotsimikizika.”

Mawa lake ndinabwereka sipuleya. Mayi a kunyumba anandiletsa. Anati, “Bambo, mchere ndi parafini m'chimanga? Bwanji muyambe mwayesa mizere iwiri?” Ine ndinayankha kuti zalembedwa ndi anthu ophunzira, inu mukudziwa chiyani. Ndinapopera theka la ekala, dzuwa lili paliwombo.

Patapita masiku awiri masamba anayamba kupsa m'mbali ngati pawazidwa madzi otentha. Mitima ina inavunda. Nditasenda phesi limodzi, mbozi ndinaipeza ili moyo, yonenepa bwino lomwe. Madzulo ake alamu anabwera pakhomo atanyamula mapesi atatu ofota. Sanakalipe ayi. Anangowaika pakhonde n'kunena kuti, “Alamu, si munati n'zotsimikizika?” Abale, mawu amenewo mpaka lero amandilasa.

Loweruka lake kunabwera mdzukulu wanga wa Folomu 3, mwana wa mwana wanga wamkazi. Ndinamuonetsa uthenga uja. Iye anandilozera timivi tiwiri pamwamba pake ndi mawu achingerezi akuti wadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Anati, “Agogo, apa palibe dzina la wolemba, palibe tsiku, palibe dzina la sukulu. Ameneyu ndi mlendo wopanda kwawo.” Zaka zonsezi ndili ndi foni, timivi timeneto ndinali ndisanatilabadirepo.

Tinagula bandulo, n'kukakhala pachulu paja pamagwira netiweki. Choyamba ndinaona kuti pa Google ukalemba m'Chichewa zimabwera zochepa kwambiri. Mwana uja analemba m'Chingerezi mawu ochepa okha, dzina la mbozi, chimanga, ndi Malawi. Anandiuza kuti ukasiya dzina la dziko umalandira malangizo a anthu olima ndi mathirakitala ndi kupopera ndi ndege, amene sadziwa n'komwe khasu. Pamwamba penipeni panali zina zolembedwa kuti Sponsored. Ine ndinkaganiza kuti chimene chili pamwamba ndiye choona kwambiri. Ayi ndithu, amenewo ndi amalonda, analipira kuti akhale kutsogolo, ngati wogulitsa amene walanda malo a pakhomo la msika.

Tinatsika m'munsi mpaka tinapeza zolemba za FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi. Pamenepo panali dzina, chaka ndi zithunzi. Mwana uja ankawerenga n'kumanditanthauzira, ine ndili ndi mbozi m'chitini kufananiza. Mbozi imeneyi pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Ndiye kusiyana kwake ndi kapuchi amene tinamuzolowera kale. Mayi wake ndi gulugufe wouluka usiku, amene amaikira mazira mulumulu pamasamba, 100 kapena 200 malo amodzi. Mbozi ikakula imabisala mkati mwa mtima wa chimanga. Nchifukwa chake amati ukafuna kupopera upopere m'mamawa kapena madzulo, ndiponso mbozi zikadali zazing'ono.

Analembanso za kayenderedwe ka munda. Uyende mokhotakhota ngati chilembo cha W, uime malo asanu, paliponse uyang'ane mapesi khumi, uwerenge ogwidwa. Mazira ndi timbozi ukatipeza uphwanye ndi zala. Anatchulanso zimene alimi ena amachita, monga kuthira dothi, mchenga kapena phulusa mumtima mwa chimanga, ndi kuwaza msuzi wa nsomba kuti uitane nyerere zidye mbozi. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Amati chimanga chodyedwa masamba nthawi zambiri chimaphukanso n'kubereka, makamaka chikakhala chosamalidwa bwino. Kutanthauza kuti ndikanangodekha, mbozi sizikanandiwononga ngati mmene ndinadziwonongera ndekha.

Za mchere ndi parafini tinasaka ndithu, malo atatu osiyana, osapeza ngakhale amodzi odziwika amene amalimbikitsa zimenezo.

Komabe sindinafune kulakwitsa kawiri. Lolemba ndinapalasa njinga kukapeza alangizi ku ofesi ya zaulimi. Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Anati mchere umayamwa madzi m'masamba ndipo parafini amawotcha, makamaka dzuwa likamaswa mtengo. Zimene tinawerenga zija anavomereza kuti n'zoona. Anandichenjezanso za mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro amene amagulitsidwa tsiku la msika, kuti sudziwa chimene chili mkatimo ngakhale mlingo wake. Theka la munda limene ndinali ndisanapopere tinaligwirira ntchito ndi manja, ine, mayi ndi ana, m'mawa uliwonse. Ndi limene linatipatsa kangachepe chaka chimenecho, chaka chimene boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23.

Alamu anga ndinakawapepesa pamaso pa ankhoswe. Pokolola ndinawapititsira matumba awiri, ngakhale kwathu nkhokwe inali yosadzaza. Sanali okwanira kubweza zimene anataya, koma analandira. Ana awo amabwerabe kudzacheza, ndiye ndimati mwina anandikhululukira.

Tsono mvetsani, sindikunena kuti intaneti ndi yoipa. Foni yomweyo imene inandinamiza ndi imenenso inandionetsa Y wozondoka uja. Ili ngati msika wa Lachisanu. Muli wogulitsa mbewu yeniyeni, mulinso wopaka chimanga cha m'nkhokwe utoto n'kumati ndi haibulidi. Pamsika timadziwa kufunsa, kugwiragwira, kuluma njere. Koma chinthu chikangobwera pa foni chitalembedwa bwino, timagwada ngati chachokera kwa a DC.

Masiku ano uthenga ukafika ndimayamba ndaufunsa mafunso, ngati mlendo wofika usiku. Wakutuma ndani? Ngati akungoti akatswiri kapena madokotala popanda dzina la bungwe, ndimausiya pomwepo. Unalembedwa liti? Paja ena amatitumizira chenjezo la namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ngati ndi la mawa, anthu n'kumagona panja. Za nyengo ndimadikira za a nthambi yoona za nyengo, pa wailesi kapena pa tsamba lawo. Ukunena za dziko liti? Nanga wolembayo akufuna chiyani kwa ine? Akamati tumizani ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo, ameneyo ndi wakuba basi. Ndipo uthenga ukamandithamangitsa, uku ukuti tumizani msanga, ndi pamene ndimakhala pansi. Zikatha zonsezo ndimafunsa alangizi, kenako n'kuyesa mizere iwiri, monga ananenera mayi a kunyumba tsiku lija. Amandikumbutsabe, musadandaule.

Inu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, tikudziwa kuti mumatitumizira zinthuzi chifukwa chotikonda. Koma inu muli ndi netiweki yabwino ndipo Chingerezi mumachimva. Musanadine kuti zipite kumudzi, tayambani mwasaka kaye, mphindi zisanu zokha. Kwa inu ndi uthenga chabe, kwa ife ndi nsima ya chaka chonse. Ndipo inu anzanga a kuno, musachite manyazi kuitana mwana wa sukulu kuti akuwerengereni. Ine wa zaka zopitirira 50, wolekeza Sitandade 6, ndinaphunzitsidwa ndi mdzukulu pachulu, ndipo sindinafe nazo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chimanga chikamera chaka chino ndidzakhala ndikuyendera munda kawiri pa sabata. Amene akufuna kuona Y uja ndi maso ake abwere m'mawa, ndidzamuonetsa. Alamu anga anena kale kuti abwera, koma akuti ulendo uno foni ndiisiye kunyumba.