Thukuta langa pa dambo la eni

Mzinda wa Johannesburg, umene ife Amalawi timangouti Joni, udamangidwa pamwamba pa akasupe. Mayina a madera ake ndiwo mboni: Doornfontein, Braamfontein, Turffontein. M'chiyankhulo cha Afrikaans, mawu akuti fontein amatanthauza kasupe, ndipo dzina la mtandadza wa zitunda pomwe pali mzindawu, Witwatersrand, limanena za madzi oyera. Golide atapezeka m'chaka cha 1886, anthu adakhamukira kuno ngati ngumbi. M'zaka zochepa madambo adakwiriridwa, timitsinje tidatsekeredwa m'mipope ndi m'ngalande za miyala, ndipo pamwamba pake adayalapo misewu ndi nyumba. Lero mzinda wa akasupewu umamwa madzi ochokera kutali, kumtsinje wa Vaal ndi kumapiri a ku Lesotho.

Ine ndimakhala ku Jeppestown, limodzi mwa madera akale kwambiri a mzindawu, komwe kuli mafakitale okalamba, magalaja, timashopu ta atelala ndi mahositelo a amuna. Derali lili pafupi ndi msana wa chitunda chomwe chimagawa madzi a mvula pawiri. Ogwa chakumwera amatsikira ku Vaal ndi Orange mpaka kunyanja ya Atlantic. Ogwa chakumpoto amalowa mumtsinje wa Jukskei, nadzera ku Crocodile ndi Limpopo, mpaka kukathira m'nyanja ya India pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique. Munthu akayenda wapansi theka la ola kuchokera kwathu, kukwera ku Troyeville ndi kutsikira kuchigwa cha Bertrams ndi Lorentzville, amafika pomwe Jukskei amatulukira pansi pa mzinda ndi kuona dzuwa koyamba.

Mtsinjewu umatuluka utadwala kale. Mipope ya zonyansa ya m'katikati mwa mzinda njokalamba, ndipo nyumba zambiri zosanja zimakhala zodzaza anthu koma zimbudzi zake zidasiya kugwira ntchito. Zotsatira zake, zonyansa zimasakanikirana ndi madzi a mvula pansi pa nthaka, ndipo mtsinje umayamba ulendo wake uli wotuwa, ukununkha.

Chakumunsi pang'ono, cha ku Bezuidenhout Valley, mtsinje umayenda m'ngalande yomangidwa, koma m'mbali mwake mudatsala malo a lowe pomwe madzi amadikha ndipo bango limamera. Pamenepo ndi pomwe kagulu kathu ka anthu oyandikana kamakumana Loweruka kawiri pamwezi. Timavala magambutsi ndi magolovesi, timatola mapulasitiki, mapampasi ndi zigamba, timazula mitengo yachilendo ikadali yanthete, ndipo m'miyezi yopanda mvula timathirira zomwe tidabzala. Mabotolo ndi zitini timaziunjika padera kuti anyamata okoka matolole a zogulitsa azitenge. Tili ndi malamulo awiri osaphwanyika: palibe wogwira ntchito yekha, ndipo mitambo ikangoda palibe wotsikira m'ngalande, chifukwa madzi a kuno amadzaza m'mphindi zowerengeka. Popeza ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yofalitsa nkhani kubungwe lina lomwe si laboma, anzanga adandipatsa udindo wosunga kaundula. Ndimalemba amene abwera, matumba omwe tadzaza, mtundu ndi fungo la madzi pakamwa pa mpope uliwonse, komanso nambala yomwe atipatsa tikakanena za mpope wophulika.

Telala wina wa kwathu, yemwe ali ndi makina ake pakhonde la shopu mumsewu wathu, adandifunsa tsiku lina ataona matope m'magambutsi anga. "Achimwene, kodi kumtsinje kuja amakupatsani zingati?" Nditamuuza kuti palibe amalandira kanthu, adaimitsa makina. "Ndiye thangatatu ameneyo, achimwene. Thangata wa kwa eni."

Funso lake si la munthu wosadziwa. Kwa Mmalawi, ntchito yopanda malipiro ili ndi mbiri yowawa. Kale kuthangata kudali kuthandizana pakati pa abale ndi anansi: lero tilime kwa uje, mawa kwa ine, madzulo timwere limodzi thobwa. Eni minda ikuluikulu a nthawi ya atsamunda adatenga mawu omwewo nawasandutsa goli, kuti munthu azigwira ntchito yaulele ngati lendi ya malo omwe akukhalapo. Thangata adali chimodzi mwa zifukwa zomwe John Chilembwe adaukira mu 1915. Makolo athu amasimbanso za Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Kamuzu, pomwe anthu ankakonza misewu ndi milatho popanda malipiro, ndipo kukana sikudali kwapafupi. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, ambiri adati ntchito zotere zidapita ndi mwini wake, ndipo ntchito za MASAF zitayamba kulipira olambula misewu, funso lakuti "mutipatsa zingati" lidakhazikika pakamwa pathu.

Mawu akuti "kwa eni" nawonso ali ndi mbola yake. M'mwezi wa Meyi 2008, anthu 62 adaphedwa m'dziko muno pa zipolowe zodana ndi obwera. Mu Epulo 2015 zidabukanso, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kudzatenga nzika zake. Mu Seputembala 2019 mashopu ndi magalimoto zidatenthedwa ku Jeppestown konkuno ndi ku Malvern. Tsono munthu amene nthawi ina iliyonse angathe kuuzidwa kuti anyamule katundu wake, aonongerenji Loweruka lake kusamala bango la mzinda umenewu?

Yankho langa loyamba lidachokera ku Zomba. Ndidakulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa, komwe mwana aliyense amadziwa kuti dambo ndi nkhokwe. Limamwa madzi a dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Bango, mlulu ndi njedza zimachepetsa liwiro la madzi kotero kuti matope amakhazikika pansi, ndipo mizu imayamwa zina mwa zonyansa madziwo asadapitirire. Ndili mwana, mu 1995, Chilwa idaphwa. Mabwato adakhala pamatope ong'aluka, matemba adasowa pamsika, ndipo mabanja ambiri a asodzi adabalalika kukasaka maganyu. Patangopita nthawi yochepa, nyanjayi idakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar la mu 1971 loteteza madambo, ndipo Elephant Marsh ya ku Chigwa cha Shire idatsatira mu 2017. Ndili kuyunivesite ndidaona kuti ngakhale mabuku a sayansi a m'Chingerezi adabwereka mawu athu akuti dambo osawasintha. Choncho ndikaima m'bango la Jukskei sindiona chinthu chachilendo. Ndimaona chinthu chomwe ndimachidziwa kuposa ambiri obadwira m'tauni muno, ndipo kukhala ndi nzeru yotere nkupinda manja kumandivuta.

Yankho lachiwiri lili kumunsi kwa mtsinje. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mzinda ukakuta nthaka yonse ndi phula ndi simenti, mvula yamabingu ya kuno ilibe polowera. Imathamangira yonse m'ngalande nthawi imodzi. Kuchokera kwathu kuno, Jukskei amadzera ku Bruma kenaka nkukhotera kumpoto, kupita ku Alexandra, komwe anthu osauka adamanga zisakasa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mu Novembala 2016 madzi osefukira adakokolola zisakasa kumeneko ndipo miyoyo idatayika. Okhala m'gombe limenelo ndi osiyanasiyana: mbadwa za dziko lino, anthu a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ndi Amalawi anzathu. Kupitirira apo, zonyansa za mumzinda zimakanenepetsa namasupuni padamu la Hartbeespoort, yemwe uja timamudziwa pa Shire ku Liwonde, wotseka makina a magetsi ku Nkula. Thumba limodzi la mapulasitiki lomwe ndatola ku Bezuidenhout Valley silipulumutsa Alexandra. Koma sindingathe kunena kuti mtsinjewu ngwa eni okha pomwe ovutika nawo ndi ife tomwe.

Yankho lachitatu ndidaliphunzira kuntchito. Ife ofalitsa nkhani za chitukuko timadziwa kuti tsiku lotsegulira ntchito limakhala ndi zithunzi zokongola, ndipo ndalama zake sizivuta kupeza. Chaka chilichonse pa 18 Julaye, tsiku la Mandela, magulu ovala masikipa ofanana amabwera kudzapereka mphindi 67 kumtsinje, ndipo timawalandira ndi manja awiri. Koma dambo silichira ndi mwambo wa tsiku limodzi. Mtengo wobzalidwa mu Julaye, pakati pa chisanu chouma cha kuno, umafa ngati palibe wobweranso ndi ndowa mu Ogasiti ndi Seputembala. Chitsa cha mtengo wachilendo chimaphukanso. Mvula yoyamba ya Okutobala imabweza zinyalala zonse pomwe tidasesa. Ntchito yeniyeni ndiyo kubwererabwerera, ndipo imeneyo kawirikawiri ilibe woilipira chifukwa ilibe chithunzi chatsopano.

Mbiri ya Bruma imaonetsa mtengo wa kulekerera. M'zaka za m'ma 1980 adatseka Jukskei pamenepo napanga nyanja yochititsa kaso, yozunguliridwa ndi mashopu. Matope ndi zonyansa zidaunjikana chaka ndi chaka mpaka fungo lidayamba kuthamangitsa anthu. Mu 2014 akuluakulu a mzinda adayamba ntchito yaikulu yophwetsa nyanjayo, kubwezeretsa khwawa la mtsinje ndi kusandutsa malowo paki. Kumtunda kuno, bungwe la Water for the Future, lomwe adayambitsa Romy Stander ndi Hannelie Coetzee ndipo limagwirira ntchito ku Victoria Yards, lakhala likuchotsa zomera zachilendo ndi kukonza magombe pomwe mtsinje umatulukira. Ku Alexandra kuli gulu la Alexandra Water Warriors lomwe limavuula zinyalala mumtsinje. Kagulu kathu nkakang'ono poyerekeza ndi amenewa, koma tonse tidaphunzira chimodzi: bango limasefa madzi, koma silingamange mpope wophulika. Nchifukwa chake kaundula uja ngwofunika ngati khasu. Dandaulo lokhala ndi tsiku, malo, chithunzi ndi nambala limavuta kulinyalanyaza kusiyana ndi kung'ung'udza kwa pamsewu.

Ngakhale zili choncho, telala uja ali ndi mfundo yomwe sindingaitaye. Ine ndimalandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo Loweruka langa ndingathe kulipereka popanda mwana wanga kugona ndi njala. Mnyamata wosowa ntchito wa ku Bertrams sali chimodzimodzi. Kumuuza kuti agwire chikwanje dzuwa lonse chifukwa chokonda chilengedwe, pomwe womuuzayo ali pa salale, ndiko kubwezeretsa thangata ndi dzina latsopano. Dziko la South Africa lidazindikira zimenezi mu 1995 pomwe nduna yoona za madzi, Kader Asmal, idakhazikitsa ndondomeko ya Working for Water, yolemba ganyu anthu osauka kuti azidula mitengo yachilendo yomwe imamwa madzi ambiri. Pagulu pathu tidagwirizana kuti ife olandira malipiro tizisonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito yolemetsa, monga kudula ndi kututa, izipita kwa achinyamata osowa ntchito pamtengo womwe tagwirizana nawo. Kusiyana kwa kudzipereka ndi thangata kuli pa zinthu ziwiri: munthu asankhe yekha, ndipo zipatso azidya nawo.

Zipatsozo nzazing'ono koma zimaoneka. Atchete amanganso zisa m'bango lomwe kale lidali lokutidwa ndi majumbo. Atsekwe amatera m'mamawa. Amayi ayamba kudutsa njira ya m'mphepete mwa madzi ndi ana awo, chifukwa malo omwe pamaoneka anthu nthawi ndi nthawi sakoma kwa achifwamba. Anthu ogona pansi pa mlatho sitiwathamangitsa. Ena mwa iwo ndiwo amatiuza usiku womwe lole yabwera kudzakhuthula zigumukire za nyumba. Gogo wina wolankhula Chizulu, amene amasunga wilibala ndi mafosholo athu kuseri kwa nyumba yake, ankanditcha "wa ku Malawi uja" m'miyezi yoyamba. Tsopano amanditcha mwana wake, ndipo ndikajomba amatuma mdzukulu kudzafunsa ngati ndadwala. Zimenezi si chikalata chondilola kukhala m'dziko muno, ndipo sizingaimitse gulu lolusa. Komabe m'dera lomwe ambiri timangodutsana ngati nkhuni za pamadzi, kukhala ndi munthu wodziwa kuti lero sunabwere ndi chuma.

Kwa owerenga a kumudzi, nkhani ya Jukskei si ya kutali. Mudi ku Blantyre ndi Lingadzi ku Lilongwe akuyenda njira yomweyi, ndipo madambo a m'mizinda yathu akugawidwa mapoloti, kuthiridwa dothi ndi kumangidwa mipanda ya njerwa. Johannesburg idakwirira akasupe ake m'zaka zochepa, ndipo tsopano papita zaka zoposa 130 ikulimbana ndi zotsatira zake. Ife madambo ambiri tikadali nawo ali moyo. Kuwasunga sikulira ndalama za kunja poyamba. Kumalira anthu khumi ogwirizana tsiku lokumana, wina wosunga zida, wina wosunga kaundula, ndi mfumu kapena khansala wodziwa kuti malowo ali ndi owayang'anira. Ndikadzabwerera kwathu, kaya ndi chaka chiti, ndidzasiya bango la Jukskei m'manja mwa ena, koma luso loitana anansi Loweruka m'mawa ndidzapita nalo ku Zomba.