Pepala la Pakhoma ndi Tsiku la Chiwembu

Pantchito yathu pali lamulo limene limadabwitsa aliyense wolimva koyamba: ukazindikira kuti mbava zalowa m'kompyuta, usathamangire kuizimitsa. Mtima umakuuza kuti uzule chingwe cha magetsi, koma kompyuta ili ndi malo osungira zinthu kwa kanthawi, otchedwa RAM, ndipo zonse zimene zikuchitika panthawiyo zimakhala mmenemo: pulogalamu ya mbavayo, adiresi ya kumene ikutumiza zimene yaba, nthawi zina ngakhale kiyi imene yatsekera mafayilo. Magetsi akangoduka, zonsezo zimafufutika ngati mapazi a pamchenga mvula itagwa. N'chifukwa chake timaphunzitsidwa kuzula chingwe cha netiweki n'kusiya cha magetsi. Wodwalayo apatulidwe kwa anzake, koma akhalebe wamoyo kufikira titamufunsa mafunso.

Lamulo limeneli ndimalitchula kawirikawiri achinyamata akandifunsa ngati kuli koyenera kuwononga ndalama ndi tulo pofuna satifiketi ya ntchito yothana ndi ziwembu za pa kompyuta. Yankho langa limakhala lakuti inde, koma adziwe chimene akugula. Pa tsiku la chiwembu, akuluakulu a ofesi atakuzungulira, lamya zikulira mbali zonse, nzeru zatsopano sizibwera. Chimene chimatsala m'manja mwako ndi dongosolo limene unalibwereza kambirimbiri nthawi ya mtendere. Maphunziro abwino amakhomereza dongosolo limenelo, ndipo satifiketi ndi mboni chabe yakuti tsiku lina unalidziwa.

Ntchito imeneyi inabadwa m'mavuto. Pa 2 Novembala 1988, Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell ku America, anatulutsa pulogalamu yodzichulukitsa yokha imene inafooketsa makompyuta masauzande ambiri, panthawi imene intaneti inali idakali yaing'ono. Akatswiri anali nawo maluso, koma panalibe amene ankadziwa woyenera kumuimbira lamya. Mwezi womwewo ku Carnegie Mellon University, mumzinda wa Pittsburgh, kunakhazikitsidwa gulu loyamba lolandira malipoti a ziwembu zotere, lotchedwa CERT Coordination Center. Mu 1990 magulu ngati amenewa anapanga mgwirizano wa FIRST kuti azichenjezana. Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi limene linatsegula njira ya Malawi CERT pansi pa MACRA. Mbiri yonseyi ikunena chinthu chimodzi chimene makolo ankachidziwa kale: mutu umodzi susenza denga.

Ine ndinayambira pansi, pa satifiketi ya Security+ ya bungwe la CompTIA, ndikuwerenga madzulo nditaweruka kuntchito yokonza makompyuta ndi maprinta. Imeneyo inandipatsa mawu a ntchito. Dongosolo lenileni ndinalipeza pokonzekera GCIH, satifiketi ya bungwe la GIAC imene imayendera limodzi ndi maphunziro a SANS Institute. Kumeneko ntchito yonse imagawidwa m'masitepe asanu ndi limodzi: kukonzekera, kuzindikira kuti chachitika n'chiyani, kutchinga kuti chisafalikire, kuzula muzu wake, kubwezeretsa ntchito, ndi kukhala pansi kuphunzirapo. Pamayeso ake amalola kulowa ndi mabuku, ndipo ambiri akamva zimenezi amaseka poganiza kuti ndi chakudya chotafunatafuna kale. Koma mafunso ndi ochuluka, nthawi ndi yochepa, ndipo ena amakuika pa kompyuta yeniyeni kuti upeze yankho ndi manja ako. Amene amakhoza ndi amene anakhala masabata akudzilembera yekha mlozera wa masamba. Ndinazindikira pambuyo pake kuti mayesowo amafanana ndi ntchito: palibe amene amakumbukira zonse, koma wophunzitsidwa amadziwa poyang'ana.

Pa masitepe onsewo, lovuta kwa munthu wophunzira kumene ndi lachiwiri, chifukwa limafuna kudekha pamene aliyense akufuna liwiro. Umatenga kope la RAM, kenaka la disiki, ndipo umagwira ntchito pa makopewo osakhudza choyambirira. Umawerenga malogi, amene ndi kaundula wa zonse zochitika m'makina, mzere ndi mzere, kufunafuna ola limene mlendo analowera. Kawirikawiri umapeza kuti analowa masabata angapo m'mbuyomo, kudzera pa imelo imene wina anatsegula, n'kukhala chete akuphunzira nyumbayo. Chilichonse chimene wachita umalemba m'kope ndi cholembera: nthawi, chimene waona, amene wamupatsa disiki ndi amene wasaina poilandira. Nkhaniyo ikadzafika kukhoti, umboni wosadziwika mmene unayendera suwerengedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe sitepe limene limapulumutsa kapena kugwetsa bungwe ndi loyamba lija, limene silikhala ndi owomba m'manja. Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo, yotchedwa WannaCry, inafalikira m'maiko oposa 150. Ku Britain zipatala zambiri za NHS zinabweza odwala, ndipo maulendo pafupifupi 19,000 okaonana ndi madokotala analephereka. Chigamba chotseka bowo limene inadzera chinali chitatulutsidwa kale ndi Microsoft mu Malichi chaka chomwecho. Chimene chinasowa ndi manja ochiika. Mwezi wotsatira NotPetya inagwetsa kampani ya zombo ya Maersk, imene inakakamizika kukonzanso makompyuta pafupifupi 45,000 ndi maseva 4,000 m'masiku khumi. Kope la kaundula wa netiweki yawo limene linawathandiza kudzuka linapezeka pa ofesi ina ya kumadzulo kwa Africa, kumene magetsi anali atazima panthawi ya chiwembucho. Ife amene timawadziwa bwino magetsi ozimazima tikhoza kumwetulira, koma phunziro lake ndi lolemera: kope lopulumutsa liyenera kukhala lopatulidwa mwadala. Bungwe lisadalire mwayi.

Zimenezi sizili kutali nafe. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kuti boma silipereka. Kwa masabata angapo anthu a maulendo a ntchito, a sukulu ndi a chipatala anangokhala akudikira. Ngati zotere zikhoza kuimitsa ntchito ya boma, tinene chiyani za SACCO ya aphunzitsi, chipatala chaching'ono cha m'dera, kapena sukulu imene mayina a ana ndi malipiro awo zili pa kompyuta imodzi ya mlembi?

Bungwe lina linandiitana kuti tiyeserere. Tinakhala patebulo anthu asanu ndi awiri, opanda kompyuta, ndipo ndinawauza kuti tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa, mafayilo onse atsekedwa. Ndinafunsa kuti ayamba kuimbira ndani. Anayankha molimba mtima kuti mndandanda wa manambala ulipo. Nditafunsa kumene uli, chipinda chinati zii, pakuti unali pa seva yomwe tinkayerekeza kuti yatsekedwayo. Makope a chuma ankatengedwa sabata iliyonse mokhulupirika, koma pa disiki yolumikizidwa ku seva yomweyo usana ndi usiku, ndipo panalibe amene anayesapo kubwezeretsa ngakhale fayilo imodzi. Pakhoma la ofesiyo panali masatifiketi atatu m'mafelemu okongola. Maola awiri a patebulopo anaulula zimene mafelemuwo sakanatha kuulula.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi onse awiri, otamanda pepala ndi olinyoza. Onyozawo amati luso ndi lokwanira. Koma wolemba ntchito amene sadziwa za makompyuta angasiyanitse bwanji katswiri ndi wolankhula bwino? Satifiketi imamupatsa poyambira, ndipo imapatsa ogwira ntchito a maiko osiyana chilankhulo chimodzi, kotero kuti wa ku Blantyre ndi wa ku Johannesburg akanena za kutchinga amamvana msanga. Otamandawo nawo amaiwala kuti pa intaneti pamagulitsidwa mayankho obedwa a mayeso, ndipo munthu akhoza kuloweza n'kukhoza asanaonepo logi ndi maso ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eni mayesowo amadziwa kuti luso limachita dzimbiri: ya CompTIA imatha mphamvu pakapita zaka zitatu, ya GIAC pakapita zinayi, pokhapokha utaonetsa kuti ukupitiriza kuphunzira.

Chopinga chachikulu kwa mwana wa kuno ndi mtengo. Mayeso onsewa amalipiridwa m'madola. Oyambira amadya madola mazana angapo, pamene kosi imodzi ya SANS imafika masauzande. Pamene ndalama zakunja zikuvuta kupeza, ambiri amagwa ulesi asanayambe. Kwa iwo ndimati: njira yotsegula ilipo. Malangizo a NIST a nambala SP 800-61 amapezeka ulere. Zida monga Wireshark, Volatility ndi Autopsy sizigulidwa. Laputopu yakale ikhoza kunyamula makompyuta oyerekezera awiri kapena atatu, n'kukhala bwalo lako loyeserera. Amene wafika pamayeso atachita zimenezi kwa chaka salipira kawiri. Ndipo mabungwe amene amagula magalimoto atsopano popanda kudandaula aganizirepo zolipirira mnyamata kapena mtsikana wa mu ofesi yawo ya makompyuta, pakuti tsiku limodzi lotseka ntchito limadya zoposa mtengo wa mayeso.

Pali chinthu chomaliza chimene palibe mayeso amene amachipima. Wofufuza chiwembu amapatsidwa makiyi a nyumba yonse. Pofunafuna mapazi a mbava amadutsa pa malipiro a anzake, makalata a mabanja, zotsatira za kuchipatala. Amaona zimene sanafune kuona, ndipo ayenera kutuluka nazo pakamwa potseka. Nthawi yomweyo amafunika pakamwa potsegula pamaso pa akuluakulu amene angakonde kuti nkhaniyo ikwiriridwe, pamene anthu amene zinsinsi zawo zabedwa ali ndi ufulu wodziwa kuti adziteteze. Komanso mlembi amene anatsegula imelo ija asasandutsidwe nsembe, chifukwa akanyozedwa lero, mawa mnzake akalakwitsa adzabisa, ndipo mbava zidzapeza masabata ena aulere.

Choncho wachinyamata wofuna njira iyi alembe mayeso, atenge pepala lake, alipachike ngati afuna. Koma Lolemba lotsatira apite kwa abwana ake, apemphe maola awiri ndi tebulo, asindikize manambala a lamya papepala, ndipo ayese kubwezeretsa fayilo imodzi kuchokera pa kope la sabata yatha.