Kumene oyembekezera amakwera ndege

Ana anga, kumpoto kwenikweni kwa Norway, pa zilumba za Svalbard, kuli tauni yotchedwa Longyearbyen. Kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko kukafika ku Tromsø ndi makilomita pafupifupi 950, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi ngati 40 pamwamba pa nyanja yozizira. Novembala mpaka Januwale dzuwa silituluka n'komwe.

Chipatala chilipo, koma n'chaching'ono moti amayi sachirirako. Choncho woyembekezera amakwera ndege kukadali masabata angapo, kukadikirira kuchipatala chachikulu.

Nanga ife, poti chipatala timafikako pakabaza, tidikiriranji kuti matenda ayambe pakati pa usiku, mtsinje utadzaza? Abambo, sungiranitu ya mayendedwe. Mayi apite kuchidikiro nthawi ikadalipo.