Kalavani sifuna munthu wothamanga

Kuno ku England amalume ali ndi kalavani, kanyumba kokoka ndi motoka, ndipo nchito yoimika ndi kulongedza anapatsa ine. Naona kuti sifuna mphamvu, ifuna chabe kudziwa choyamba ndi chothera.

Tikafika pa kampu, nimaona ngati yapendekeka. Ikatero, tikwezeka wilo pa thabwa ikali yomanga ku motoka. Kenako handibuleki, zopinga mawilo, kumasula, ndi kulinganiza kutsogolo ndi jockey wheel. Miyendo inayi ya m'makona ibwera pothera. Ija ni yoletsa kugwedezeka chabe, si jeki: mukanyamulira nayo, mupinda zitsulo.

Nthambo ya malaiti iyamba kulowa ku kalavani, ndiye ku pholo. Pochoka, muyambe kuzula ku pholo, kuopa kugwira nthambo yamoto pa udzu wonyowa.

Polongedza m'pamene mtima ufuna kuthamanga. Ine nimatseka gasi, nitaya madzi, niika zolemera pansi pafupi ndi mawilo kuti kalavani isavine pa motorway, komwe wokoka saloledwa kupitirira 60 mph. Breakaway cable nimaigwira ndi dzanja, chifukwa kalavani ikamasuka panjira, ndiyo imakoka mabuleki, ndipo kumbuyo kwathu kuli motoka za anthu ena.