Miyala Nayonso Ili ndi Akulu ndi Ang'ono

Inu alimi a kunyanja, kuyambira ku Kande kufikira ku Usisya, lero tiyambe takamba za mwala umene khasu lanu ligunda pansi pa chinangwa.

Mukafika pamene anagumula phiri pokonza msewu, kapena pagombe pamene mafunde atsuka thanthwe, taimani pang'ono. Mudzaona mwala wa mizeremizere, yoyera ndi yakuda, yopindika ngati mphasa yokulunga. Ophunzira za miyala amautcha gneiss. Ine ndikaimika njinga pamalo otere, anthu amayesa ndikufuna golide. Iai, ndimaona chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Lamulo lake nlapafupi. Mphasa siipindidwa isanalukidwe. Chomwecho mizere ndiyo inayamba, kupindika kunadza pambuyo. Kunachitikira pansi penipeni potentha, zaka zoposa mamiliyoni 500 zapitazo, pamene miyalayi inali tsinde la mapiri aakulu amene mvula inawatha kalekale. Tsono yang'anani msempha wa mwala woyera umene wadula mizereyo chopingasa. Umenewo ndiwo mng'ono wake, pakuti sukadadula chinthu chimene panalibe.

Pambuyo pa zonsezi dziko linang'aluka, mbali ina nititimira, ndipo m'chigwamo munadzala nyanja yathu. Chifupi ndi Usisya madzi ndi akuya mamita ngati 700. Ming'alu yotere sinagone ai: chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009 zinachokera komweko. Mchenga wa ku Chintheche ndi matope a mpunga ku Limphasa ndiwo ana a dzulodzuloli.

Nanga mlimi apindulanji? Dothi lofiira la m'mapiri mwathu ndi mwala womwewo utawola, ndipo potsetsereka limakhala lochepa. Pamene mizere ya mwala yapendekera kunsi, kutsata kutsetsereka kwa phiri, madzi a mvula ya Marichi ndi Epulo amalowa pakati pake, ndipo munda ukhoza kuterereka wonse pamodzi ndi chinangwa chake. Pamalo potere musateme mitengo, ndiponso musamange nyumba kunsi kwake, chinkana malowo akhale a makolo. Ndidziwa kuti ku Usisya malo a chidikha ndi ochepa, ndipo mawu awa ndi olemera kwa munthu wa ana ambiri. Koma munda ulimidwa kwina, nyumba yokwiririka usiku ilibe podandaulira. Pamene mizere yaloza m'kati mwa phiri, dothi ligwira bwinopo, komabe akalozera ndi udzu wa vetiva zifunika ndithu.

Ngati mukayika za munda wanu, itanani mlangizi mvula isanayambe. Mutenge khasu, mukumbe m'mphepete mwa munda kufikira thanthwe lioneke, ndipo muonere pamodzi kumene mizere yake yapendekera.