Mbereko ya Amayi Anga

Ndikamva fungo la phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lija limanunkhira likatsala pang'ono kupserera pansi pa mphika, mtima wanga umathamangira kwathu kwa Mazengera, kunsi kwa phiri la Nkhoma, pakhonde la nyumba yaudzu pomwe amayi anga ankakhala m'mawa uliwonse atatambalala, mlongo wanga ali pamiyendo pawo. Sendererani kuno adzukulu anga, nkhaniyi siyomvera chiimirire. Ndikufuna muwadziwe amayi amene anandibala, ndiponso mnyamata amene anamubereka kumsana mpaka zidendene zake zinayamba kuwagunda m'mawondo.

Mlongo wangayo anabadwa mu 1962, ine ndili kamtsikana kotha kale kusenza kamtsuko. Anali mwana wojintcha, wamasaya, ndipo anayenda msanga, kumathamangitsa anapiye pabwalo mpaka thadzi kumuzaza. Dzinja la 1964, kutatsala miyezi yochepa kuti dziko lilandire ufulu, malungo anamugwira. Thupi linatentha ngati fuwa, ndipo pakati pa usiku anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka. Abambo n'kuti ali ku Joni, ku migodi, komwe anapita ndi Wenela monga ankachitira amuna ambiri a kwathu. Amayi anamuponya kumsana, atsibweni anayatsa muuni wa udzu, nalowa m'matope kulunjika ku chipatala cha mishoni ku Nkhoma, chija chinayamba mu 1915. Mwanayo anagona chikomokere masiku angapo. Atatsitsimuka, miyendo inali itakana, dzanja lamanja litafumbata osatambasukanso, lilime litalemera, ndipo khunyu linali litamanga msasa m'thupi mwake. Lero mumawatcha malungo ogwira ubongo, ndipo mukudziwa kuti amabwera ndi udzudzu, n'chifukwa chake mumagona m'masikito. Ife tinkangofukiza utsi wa masamba m'nyumba n'kugona.

Pamudzi sipanachedwe kumera pakamwa. Ena ankati mwana wamusempha, ena ankati abambo amukhwimira kuti apeze ndalama ku Joni, ena ankaloza kankhalamba kena ka kutsidya kwa dambo. Agogo anga, amene sanali opemphera, anabwera ndi mizu m'kansalu, nati tikaombeze ula, timuteme mphini. Amayi anagwada pansi monga mwana wamwambo, nawayankha motsitsa mawu kuti, “Amayi, mwanayu ndinamupereka kale kwa Mulungu tsiku la ubatizo wake. Ndikakamupereka kwinanso ndikhala ngati ndikukwatitsa mwana mmodzi kuwiri.” Agogo anakwiya mwezi wathunthu, koma pambuyo pake ndi iwo omwe ankabwera ndi nthochi zakupsa kudzamukanyira mdzukulu wawo.

Chimene chinkawapweteka amayi kuposa zonse chinali kalankhulidwe ka anthu. Munthu ankafika pakhomo n'kufunsa kuti, “Chimwana chija chadzuka bwanji?” ngati akufunsa za chitsa. Amayi sankakalipa. Ankangoyankha momveka bwino kuti, “A Phiri adzuka bwino, ali pakhondepo, kawapatseni moni.” Kamwana ka zaka zitatu, kadovu kakuyenderera pachibwano, koma amayi ankakaitana ndi mfunda wa abambo ake ngati munthu wandevu. Ife ana tinatengera pomwepo, kenako anansi, kenako mudzi wonse, mpaka anyakwawa podutsa ankaima n'kunena kuti, “Wawa a Phiri.” Dzina limeneli ndi lomwe anapita nalo kumanda.

Tsono za phala lija. A Phiri ankavutika kumeza, ndipo akafulumizitsidwa ankatsamwa mpaka kufiira maso. Atsibweni anawasemera kachipande kakang'ono ka mtengo wa mlombwa, kosalala ngati dzira, poti supuni yachitsulo inkawacheka m'kamwa akaluma mwadzidzidzi. Amayi ankawakhazika chowongoka, mutu utatsamira pachifuwa pawo, n'kumatapa pang'onopang'ono, kuuzira, kudikira kuti kakhosi kayende, n'kutapanso. Mbale imodzi inkatha dzuwa litakwera, anzawo atalima kale mizere ingapo. Ine ndikanyinyirika pa tsiku langa lodyetsa, ankandiyang'ana n'kuti, “Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Ukuthamangira kuti?” Nsalu zogonera ankachapa mbandakucha kumtsinje, anthu asanayambe kutunga, ndipo sopo akasowa ankaviika m'madzi aphulusa. Kuzungulira mafuwa anaumba kakhoma kadothi kofika m'bondo, chifukwa anali ataona anthu a khunyu atapserera pamoto, anzawo ataima patali kuopa kuwakhudza. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wogwa khunyu, nawenso udzagwa. Limenelo ndi bodza adzukulu anga, ine ndalipukuta thovulo ndi manja angawa zaka makumi anayi. Amayi anatiphunzitsa zomwe anamva kwa anamwino: kumugoneka cham'mbali, kuchotsa zomwe zingamupweteke, osamuika kanthu m'kamwa, n'kudikira. Timapiritsi take toyera, tomwe ankakatenga ku Nkhoma mwezi ndi mwezi, tinkakhala m'kachitini kotsomeka kudenga, ndipo tsiku lokatenga silinkasinthidwa ngakhale kugwe mvula yamatalala.

Mabanja ena ankabisa ana otere kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Kwathu mphasa ikayalidwa, malo oyamba anali a a Phiri, ndipo mlendo ankasamba m'manja akuwayang'ana. Mwambo umenewu amayi anautola m'Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922 atalimasulira William Murray ndi anzake ku Mvera. Lawo linali lachikuto chothetheka, lonunkha utsi, lokulungidwa m'kansalu, ndipo ukalitsegula mwachisawawa linkadzitsegukira lokha pa 2 Samueli mutu 9, pomwe mapepala anali atada ndi zala. Pamenepo pali nkhani ya Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wopuwala miyendo yonse iwiri, amene mfumu Davide anamuitanitsa kuti azidya pagome lake masiku onse. Amayi ankawerenga mogwiragwira pa kuwala kwa koloboyi, poti sukulu anangolawa ya m'mudzi, kenako n'kutseka buku n'kutiuza kuti, “Mwamva? Miyendo sinawongoke ayi, koma malo anamupatsa.” Ndipo ankakonda kubwerera m'mbuyo pang'ono, pomwe akunena za mlezi amene anamugwetsa mwanayo ali ndi zaka zisanu, pothawa naye atamva kuti Sauli ndi Yonatani afa kunkhondo. Mleziyo amayi ankamumvera chisoni ngati mnzawo wa pamtondo. Ankati palibe amene amafunsa kuti mayi ameneyo anagona bwanji usiku umenewo. Ndinazindikira nditakula kuti ankanena za iwo eni, chifukwa mumtima ankadziimba mlandu kuti tsiku la malungo lija anadikira mpaka usiku m'malo monyamuka masana.

Sindikunamizani kuti sankatopa. Usiku wina ndinatuluka kukataya madzi, ndipo ndinawamva kuseri kwa nkhokwe akulankhula ndi Mulungu molira, momudandaulira ngati mmene munthu amadandaulira mwinimbumba wake, kumufunsa kuti mwanayu analakwanji, nanga iwo analakwanji. Tsiku linanso anawakhazika a Phiri pamphasa, natenga khasu osalankhula ndi munthu, napita kudimba mpaka dzuwa kulowa. Anabwerako maso ali psuu, atanyamula nzimbe, nakhala pansi n'kuyamba kuisenda, kuitafunira m'kambale timadzi take kuti mwana wawo alaweko. Zaka zoyamba pemphero lawo lamadzulo linali loti a Phiri ayende. M'kupita kwa nthawi ndinaona kuti mawu asintha, ayamba kupempha kuti msana wawo ulimbe ndiponso kuti mawa adzuke ndi mtima wofatsa. Mapemphero awiri onsewo ankawapereka ndi chikhulupiriro chimodzimodzi, ndipo lachiwirilo ndinaliona likuyankhidwa tsiku ndi tsiku.

La Sabata linali tsiku lawo. Ankawasambitsa a Phiri ndi madzi ofunda, kuwadzoza mafuta a nsatsi mpaka kuwala, kulumikiza nsalu ziwiri kuti mbereko ikwane, n'kuyamba ulendo wa kutchalitchi, ife tikutsatira ndi Baibulo ndi buku la Nyimbo za Mulungu. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, pa mipando ija youmba ndi dothi, kuti khunyu likabwera atuluke msanga. Masabata oyamba amayi ena ankasendera kutali, kukoka ana awo. Amayi ankangoona ngati sakuona, Sabata lotsatira n'kubweranso. Ndipo a Phiri nyimbo ankazikonda zedi! Mawu sankatuluka, koma wotsogolera akangoyambitsa, iwo ankang'ung'udza kukhosi, mutu ukugwedezeka, osaphonya pokwera ndi potsika, ndipo nyimbo ikatha ankaseka mokweza mpaka abusa kumwetulira paguwa.

Amene anayamba kusendera pafupi anali amayi a Chigwirizano, gulu lija la amayi a Sinodi ya Nkhoma linayamba mu 1940, ovala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Mmodzi anawalandira mwana kuti amayi apumitse msana. Sabata linalo anabwera awiri kudzakonola chimanga, ndipo nthawi yopalira tinangoona makasu asanu ndi atatu alowa m'munda mwathu m'mamawa, nyimbo ili pakamwa. Mutu umodzi susenza denga, anatero akale. Amayi ankati munthu wamanjenje wa ku Kapernao uja anali ndi anzake anayi omwe anasasula denga kuti amutsitsire pamaso pa Yesu, koma a Phiri anzawo ndi ovala maduku, ndipo ndi oposa anayi.

Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi ambiri nafera pomwepo, ndipo a Kamuzu analetsa zopita ku migodi. Abambo anabwerera kumudzi pambuyo pake n'kukhazikika. Poyamba ankachita manyazi ndi mwana wawo, ankamuyang'ana cham'mbali. Koma tsiku lina anaona amayi akudzuka ndi mnyamata wa zaka 13 kumsana, mawondo akunjenjemera, ndipo anangolowa m'nyumba osanena kanthu. Anamasula mateyala a njinga yawo ya Humber, ija anabwera nayo monyadira kuchokera ku Joni, nakhoma kangolo kamatabwa kokankha. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankawasambitsa ndi kuwameta a Phiri, poti mnyamata akakula sayenera kusambitsidwa ndi amayi ake. Chikuku chenicheni chinadzabwera patapita zaka, kuchokera ku bungwe la Malawi Against Polio lomwe linayamba mu 1979. Sukulu a Phiri sanapiteko. Ana osaona ankapita ku Chilanga ku Kasungu, koma mwana wonga iwo analibe kolowera masiku amenewo, choncho amayi anawaphunzitsa okha kuwerenga nkhuku madzulo, ndipo imodzi ikasowa ankakuwa mpaka tikaipeze.

Tsiku limene amayi analilakalaka moyo wawo wonse linali loti mwana wawo adye Mgonero. Munthu asanafike pagome la Ambuye ankayenera kulowa kalasi ndi kuyankha mafunso a Katekisma, tsono munthu wolemera lilime akanayankha bwanji? Amayi anawakankha pa kangolo kupita nawo ku kalasi zaka zingapo, iwo n'kumakhala panja pansi pa mtengo kudikira. Nthawi yoyesedwa itakwana, abusa ndi akulu a mpingo awiri anabwera okha kunyumba, nakhala pakhonde lija. Abusa anatseka buku, nawagwira dzanja lofumbata lija, nafunsa kuti, “A Phiri, anakuferani ndani?” Panali zii. A Phiri analimbana nalo lilime, thukuta kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatuluka, ife tonse titagwira mpweya, mpaka dzina linatuluka lathunthu: “Yesu.” Mkulu wina wa mpingo anavula magalasi n'kumapukuta m'maso. Pa Sabata la Mgonero abambo anawakhazika kumbali ya amuna, mtumiki anawagwirira chikho, ndipo bambo wokalamba amene anakhala pafupi nawo analandira chikhocho n'kumwera pomwepo osapukuta. Amayi anali tsidya linalo m'zoyera zawo, misozi ikutsika, osaibisa. Madzulo ake anapha tambala, natenga chiwindi n'kuwaphwanyira a Phiri.

Nkhawa yawo yomaliza inali ya kholo lililonse la mwana wotere, yoti ndikadzapita adzatsala ndi yani. Sankailankhula kawirikawiri. Ankangoonetsetsa kuti aliyense wa ife, ngakhale akamwini ndi adzukulu, akudziwa kagwiridwe ka kachipande ndi nthawi ya mapiritsi. Anamwalira mu 1996, ndipo mawu awo otsiriza kwa ine anali ondikumbutsa kuti phala lisamatenthe. A Phiri anadzakhala kwa ine. M'njala ya 2002, pomwe tinkadya gaga ndi zitsa za nthochi, kaufa kakapezeka kankayamba kupita m'mphika wawo, ndipo palibe mwana amene anadandaula. Anatisiya mu 2004 ali ndi zaka 42, ndipo tinawaika pafupi ndi amayi awo. Pamaliro tchalitchi chinadzaza mpaka anthu kukhala panja.

Lero zinthu zasinthako. Mu 2012 dziko linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali, aphunzitsi a ana otere amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, ndipo mawu onyoza aja akuchepa pakamwa pa anthu. Koma amayi obereka ana akuluakulu kumsana ndimawaonabe, ndipo malo awo akadali omwe aja a pafupi ndi khomo. Kachipande ka mlombwa kaja ndili nako, kali m'sutikesi pamodzi ndi Buku Lopatulika la amayi, ndipo ndidzakuonetsani pomwe panadyeka ndi mano a a Phiri. Tsono Sabata likudzali, mukalowa m'tchalitchi, yang'anani kumbuyo. Mukawaona mayi woteroyo, pitani mukakhale pafupi nawo, mufunse dzina la mwanayo, mumupatse moni, ndipo muwalandire pang'ono kuti nawonso aimirire aimbe.