Mchere wa ku Shenyang ndi mchere wa kwathu

Abale anga, ambiri mumandifunsa kuti Matchaina amadya chiyani kuti asamanenepe. Kuwonda kwawoko kusakupusitseni. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2012 mpaka 2015 anapeza kuti akuluakulu 23 pa 100 alionse kuno ku China ali ndi BP, anthu pafupifupi 245 miliyoni, ndipo oposa theka sankadziwa n'komwe.

Vuto lalikulu ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, koma kuno ambiri amadya kuwirikiza kawiri, ndipo ife a kumpoto kuno ku Shenyang ndiye timanyanya. Chisanu chimatenga miyezi yambiri, kale masamba ankasowa, motero anthu anazolowera kusunga kabichi ndi ndiwo zina mu mchere. Lero masamba ali mbwee m'misika chaka chonse, koma lilime silinasinthe. Pamwamba pake amathiranso soy sauce, amenenso ndi mchere wokhawokha.

Apa m'pamene tikufanana. Ku Ulaya mchere wambiri umabwera kale m'zakudya za m'mafakitale, pomwe kuno umalowa mumphika ndi dzanja la wophika, monga kwathu ku Malawi. Ife timathira pophika, wina n'kuwonjezera pambale asanalawe. Pa kanyenya timasunsa mu mchere ndi tsabola. Soda wa m'therere uja nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP.

Kupatula mchere, pa fodya ndiye Matchaina atiposa. Pafupifupi theka la abambo amasuta, ndipo kupatsana ndudu ndi ulemu, pomwe ife olima fodyafe sitisuta chonchi. Pa mowa sitingasekane: iwo baijiu, ife kachasu.

Chimene ndimasirira n'chakuti anagwira dzanja la wophika lija. Ku Beijing boma linagawa timasupuni ta magalamu 2 toyezera mchere. Mu 2021 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'midzi 600 ya kumpoto, kuphatikizapo chigawo chathu cha Liaoning. Anthu pafupifupi 21,000 anatenga nawo mbali, ena n'kupatsidwa mchere wosakaniza ndi potaziyamu, ndipo matenda a sitiroko anatsika ndi 14 pa 100 alionse. Sanawaletse ndiwo zawo, anangosintha mcherewo. Koma odwala impso asaugwiritse ntchito asanafunse dokotala.

Kuyezetsa BP kunonso n'kosavuta: m'mafamase ambiri makina amangokhala patebulo, agogo akamachokera kumsika amangopisa mkono. Ku Malawi, kafukufuku wa mu 2009 anapeza BP yokwera mwa wamkulu mmodzi pa atatu alionse, ambiri osadziwa. Timadzadziwa munthu atafa kale ziwalo mbali imodzi, ndiye tiyambe kulozana zala kuti wamulodza ndani.

M'katundu amene ndikutumiza mwezi wamawa ndaikamo makina oyezera BP. Achemwali avomera kuti aziwayeza amayi Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, n'kumanditumizira manambala pa WhatsApp.